Wakunikoma Mtima

Lolemba, 15 Julaye

Chaka chimene ndinayamba ntchito ku Capital Hill, tsiku lina mvula inagwa yoopsa poweruka, ndipo a Orton Harawa ananditenga pa galimoto yawo. Iwo kwawo kunali ku Area 12, ine ndinkakhala kwa achimwene ku Old Town. Sinali njira yawo, koma anati, "Kwerani, a Lexon, mapepala a boma anganyowe." Tinaima nthawi yaitali pa mlatho wa Lilongwe, magalimoto atathithikana, madzi ofiira akudutsa pansi. Foni yawo inalira. Anali akazi awo, Mayi Tabitha. Anamvetsera, akungoti "enya, enya," kenako anaitembenuza foniyo n'kuigoneka pantchafu. Ndiye analankhula m'Chitumbuka chawo: "Mwanakazi uyu wakunikoma mtima."

Ine ndinamva kuti: mkazi uyu ndi wokoma mtima. Ndinasirira. Bambo wamkulu, wa imvi kale, kuyamikira mkazi wake popanda womufunsa! Mawuwo ndinawasunga.

Lachisanu lapitali Mayi Tabitha anapezeka atafa m'khitchini mwawo. Adokotala akuti anachita kukanyangidwa pakhosi. A Harawa akuti anapita kokayenda m'mawa monga amachitira, pobwera n'kupeza chitseko chakuseri chili chitsegulire. Palibe chinabedwa. Loweruka apolisi anawatenga.

Desiki yawo ikuyang'anana ndi yanga. Kampeni kawo kodulira magwafa kakadali pamwamba pa mafayilo. Palibe wakakhudza.

Lachiwiri, 16 Julaye

M'basi ya ogwira ntchito aliyense wasanduka woweruza. Wina akuti anali ndi chibwenzi ku Area 18. Wina akuti ayi, wachibwenzi anali mayiyo. Mayi wina kumbuyo akuti ndi zokhwima, ankafuna udindo asanapume. A Reinford a ku akaunti ndiye anati, "Wolalata ndi ketulo, nthunzi imatuluka. Wofatsa ndi thobwa lotsekera m'botolo, limangodikira tsiku." Anthu kuseka. Kenako anatembenukira kwa ine: "Eti a Lexon? Inunso timakuonani, mumangoti phee." Ndinaseka nawo. Sindikudziwa chifukwa chake.

Tsiku lonse ndakhala ndikufukula zakale, kufunafuna pamene panali mng'alu.

Tsiku lina tinapeza bilimankhwe akuwoloka poimika magalimoto. Madalaivala anathawa. A Harawa anathyola kamtengo, n'kumudikira mpaka atakwera yekha, n'kukamusiya pa mpanda. Munthu wotere angagwire khosi la mkazi wake?

Koma palinso za mesenjala amene anatayira tiyi pa lipoti lawo. Sanamukalipire. Anapukuta tsamba ndi tsamba, mesenjalayo ali chiimire. Kuyambira pamenepo sanamulankhulenso mpaka anamusamutsa. Nthawi imeneyo ndinkati ndi kudziletsa. Lero sindikudziwa ngati kunali kukhululuka kapena kusunga.

Chilichonse chimene ndakumbukira chikumatembenuka ndikachiyang'anitsitsa.

Lachitatu, 17 Julaye

Abwana akuti ndikalankhule pamaliro mawa m'malo mwa ofesi. Ena onse akana. Ine kukana sindidziwa.

Lachinayi, 18 Julaye

Ndalakwitsa, ndipo sindikudziwa kukula kwake.

Mwambo unali kunyumba kwawo ku Area 12, thupi lisananyamuke kupita ku Rumphi. Tenti yodzaza, amayi a chigwirizano akuimba nyimbo zawo za Chitumbuka, kamphepo ka Julaye kakuulutsa fumbi. Mpando wa mwamuna unalibe munthu. Mwana wawo yekhayo, Chitemwa, amene ali ku yunivesite, anakhala pafupi ndi bokosi, mutu uli pansi.

Usiku ndinaganiza kuti ndisatchule za mlandu, ndisatchule za a Harawa. Koma nditaimirira, ndinaona mwanayo, ndipo ndinafuna kumupatsa kanthu kamodzi kabwino koti agwire. Ndinati ife kuofesi mayiwa tinkawadziwira pakamwa pa amuna awo. Ndinafotokoza za mvula ija, za mlatho, za foni. Ndipo pofuna kulemekeza eni maliro, mawuwo ndinawanena m'chilankhulo chawo, monga ndinawamvera.

Tenti yonse zii. Osati bata la chisoni. Bata lina. Mkulu wa mpingo anatsokomola. Mayi wina anafuula kumbuyo n'kuyamba kulira mwatsopano. Chitemwa anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ndipo sanachotse maso mpaka nditakhala pansi.

Joy, mnzathu wa kuofesi, wa ku Ekwendeni, anandikokera kuseri kwa mpanda.

"A Lexon, mwatani? Mukudziwa zimene mwanena?"

"Ndati anali okoma mtima."

"Mwati, mkazi uyu akundipha mtima. Kwathu kukoma ndi kupha. Wokoma mtima ife timati wa mtima uweme." Anagwira pakamwa. "Ndipo mwanena pamaso pa azichimwene a malemu."

Galimoto ya maliro inanyamuka ndili kuseri kwa mpanda komweko.

Lachisanu, 19 Julaye

Chondipweteka n'chakuti ndinkadziwa. Ku koleji ku Zomba tinkaseka nazo m'kafeteriya: ukati nyama yakoma, anyamata a kumpoto amvekere, "Yakoma ndani?" Ndinkadziwa bwinobwino. Koma pa mlatho paja mawu akuti mtima anaphimba zonse, ndipo khutu langa linasankha zimene linkafuna. Nthawi imeneyo chibwenzi changa chinali chitangotha, ndinkafunitsitsa kumva kuti banja labwino liripo penapake.

Chaka chotsatira ndinakwatira Esnati. Pa ukwati wathu ndinamutcha mkazi wokoma mtima, ndipo mumtima ndinkati ndikutsanzira a Harawa.

Ndamufotokozera E. zonse tikumwa tiyi. Iye anati, "Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukundiitana ndi dandaulo la munthu wina?" Anafuna kuti tiseke. Sizinatheke. Atanyamuka kupita kukhitchini ndinapezeka ndikuyang'ana khosi lake, pamene pathera tsitsi. Osati ndi maganizo oipa, Mulungu akudziwa. Kungoona kuchepa kwake. Ndinatuluka panja.

Lamulungu, 21 Julaye

Kutchalitchi sindinapite. Nkhani yafika kale pa magulu a pafoni: "Mnzake wa kuntchito waulula pamaliro." Waulula!

Lachiwiri, 23 Julaye

Kunabwera wapolisi wofufuza, a Hamdani. Munthu waulemu, wa jekete lothina. Anakhala pa mpando wa a Harawa osadziwa, n'kumaseweretsa kampeni kaja.

"Achibale a malemu akuti muli ndi mawu, achimwene."

Ndinati ndi mawu akale, a zaka zambiri.

"Chakale sichiwola pa mlandu. Chimene tikusowa ife ndi chifukwa. Anthu onse akuti banjali linalibe phokoso. Inu nokha ndi amene munamva bamboyu akudandaula. Ndiye tandiuzani: ankaseka, kapena nkhope inali yomanga?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ankamwetulira. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaona akumwetulira. Koma ndinadziletsa. Ndinapempha kuti ndikumbukire kaye. Akuti ndipite Lolemba tikalembe, ndikasaine.

Atapita, Joy anabwera n'kutseka chitseko. Akuti wakhala akuganiza. "Mwina ndinakuopsezani kwambiri. Kwathunso munthu akakuseketsa umati wandipha, ngati mmene mumanenera inu. Ngakhale chikondi. Agogo anga aamuna ankatero agogo aakazi akavala bwino. Zimatengera wanena bwanji."

Ndiye zonse zili pa nkhope. Akamwetulira, ndi mwamuna wogonja ndi chikondi, ndipo mwina pali munthu wina amene analowera chitseko chakuseri. Nkhope ikamanga, ndi munthu amene ankafa pang'onopang'ono m'nyumba yopanda phokoso, mpaka tsiku limene anabweza. Ndipo nkhopeyo akuifuna kwa ine.

Lachitatu, 24 Julaye

Ndikuyesa kulowa m'mutu mwawo, koma chimene ndikupezamo ndi mutu wanga.

Tiyerekeze kuti anachitadi. Sindikukhulupirira za chibwenzi kapena zokhwima. Ndikuganiza za zinthu zing'onozing'ono. Mawu amodzi obwerezedwa m'mawa uliwonse. Kuyerekezedwa ndi anzawo amene anakwezedwa, amene anamanga ku Area 43. Munthu woti kutchalitchi ndi mkulu, kuofesi ndi chitsanzo, kumudzi ndi mzati, alibe poti n'kukalira. Amangoti enya, enya, n'kutembenuza foni.

Koma ndani wandiuza kuti mayiwo ankatero? Palibe. Ndawapangira mlandu munthu woti ali m'manda, kuti nkhani yanga imveke. Mayi amene ankatitumizira zitumbuwa pa Khirisimasi, amene anabwera kuchipatala E. atapita padera n'kukhala naye tsiku lonse. Anali okomadi mtima. Pamenepo pokha sindinaname.

Ndipo mwana anamutcha Chitemwa. Joy akuti ndiye kuti chikondi. Dzinalo anasankha ndani?

Lachinayi, 25 Julaye

Nthawi ya nkhomaliro ndinakwera minibasi mpaka ku Old Town, n'kuyenda wapansi kukaima pa mlatho. Madzi aphwa, atsala obiriwira, mapepala apulasitiki atakodwa m'mabango. Ogulitsa zovala akuitanira, akabaza akundiimbira belu kuti ndipatuke.

Ndinatseka maso. Mvula pagalasi ndikuimva. Fungo la magwafa m'galimoto. Dzanja lawo lamanzere likutembenuza foni, mphete ikuwala. Mawu, otsika, osathamanga. Ndikafika pa nkhope, zikubwera zitatu: ina ikumwetulira, ina yotopa, ina yopanda kanthu ngati ya pa chiphaso. Zonse ndazipanga ndekha.

Kenako ndinakumbukira chenicheni. Nditaona akuigoneka foni ndinachita manyazi kuti ndamvetsera za m'banja la a Harawa, ndiye ndinatembenukira kuwindo. Ndinkayang'ana madzi. Panali nthambi yaikulu ikuzungulira pansi pa mlatho, ndinaitsatira ndi maso mpaka inamira. Mawu aja anandipeza nditawapatsa nkhongo.

Nkhope sindinaione.

Paja amati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ine ndinali pa mlatho penipeni, koma ndinayang'ana kumbali.

Lachisanu, 26 Julaye

Uthenga pafoni: "Ankolo, ndine Chitemwa. Ndabwerako ku Rumphi. Tingaonane mawa m'mawa?"

Loweruka, 27 Julaye

Tinakumana ku City Centre, pa benchi pansi pa mitengo, maofesi ali otseka. Wameta mpala. Ananyamula basiketi yokhala ndi kontena ya chakudya, sopo ndi juzi ya bambo ake.

Ndinayamba kupepesa. Anandidula.

"Ankolo, zopepesa ndamva zambiri. Amalume akuti ndikapita ku ndende ya Maula kukaona adadi ndisadzapondenso kwawo kwa amami. Atete, achemwali a adadi, akuti ndikapanda kupita ndine mwana wotembereredwa. Ine ndafika pano ndi basiketi, sindikudziwa ngati ndikwere minibasi kapena ndibwerere. M'nyumba muja ndakuliramo, sindinamvepo akukangana. Ngakhale kamodzi. Sindinawamveponso akuseka limodzi. Inu munamva kanthu. Ananena bwanji?"

Ndikanatha kumuuza kuti ankamwetulira. Akanakwera minibasi mtima uli m'malo, ndipo Lolemba ndikanakanena zomwezo kwa a Hamdani. Bodza lake laling'ono, loti ngakhale ine ndalikhulupirira zaka zonsezi.

Ndinati, "Mawu ndinawamva. Nkhope sindinaione. Ndinkayang'ana madzi."

Anandiyang'ana ngati mmene anachitira pamaliro.

"Basi?"

"Basi. Ndipo kupolisi ndikanena zomwezo."

Ndinafuna kufotokoza zambiri, za bilimankhwe, za mesenjala, koma pakamwa panga zinthu zimatuluka zokhota, taonani za pamaliro. Ndiye ndinatulutsa kabuku kano m'jekete n'kuthothola masamba onse kuyambira tsiku la 15. Ndinamuchenjeza kuti muli zonyansa za m'basi, muli zimene ndinawaganizira amayi ake popanda umboni, muli za ine zimene ngakhale mkazi wanga sadziwa. Anati, "Bola zikhale zoona."

Anawerenga tsamba loyamba lokha, milomo ikuyenda. Atafika pa mawu aja anawatchula motsitsa, ndi katchulidwe kake koyenera, osati kanga. Anamveka ena ndithu.

"Ndikawauza mawu amenewa," anatero. "Ndikangowanena, osafunsa kanthu. Nkhopeyo ndikaiona ndine."

Anandibwezera masambawo kuti amange bwino basiketi. Ndinawapinda pakati, n'kupindanso, ndipo ndinamupatsa ndi manja awiri. Anawalowetsa m'thumba la juzi ya bambo ake, kenako anasintha maganizo n'kuwaika m'thumba lake.

Minibasi inaima, kondakitala akuitanira za ku Old Town kudzera ku Maula. Anakwera n'kukhala pawindo. Sanayang'ane kunja.