Zilembo Zanu pa Khoma la ku Lubuto

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno ku Lubuto tilipo. Chikuikireni m'manda sindinakulembereni, ndiye mundikhululukire ndikatalikitsa. Mkazi wa mlongo wanga Yosefe anachira ku Kitwe, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Akamayamwa amakwinya kamphumi ngati inu polowetsa ulusi m'singano. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinachita bwino, koma mbatata zonse anadya ndi mfuko. Bondo langa nalo layamba kulosera mvula monga linkachitira lanu.

Nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya msewu wathu. Mukuudziwa: chilimwe fumbi, dzinja matope. Munkati, "Msewu uno ndi wa abakha, ife tinangobwereka." Tsiku lomwe tinapita nanu kuchipatala komaliza, wa takisi anakana kulowa, anaima kumsewu wa tala. Tinakunyamulani pa mpando wa m'khitchini mpaka kumeneko, inu mukutikalipira kuti tikudetserani chitenje.

Tsono kwabwera kampani ya sopo. Yauza a khansala kuti ithira tala msewu wonse, ngalande ikumbanso. Chimene ikufuna n'chakuti makoma onse a mipanda oyang'ana kumsewu apakidwe penti yachikasu, alembepo dzina la sopo wawo, mzere wonse osaduka. Nyumba imodzi ikakana, akuti makina awo apita ku Kanini. Anansi onse anasaina pepala lovomereza tsiku lomwelo. Ndinatsala ndekha.

Chifukwa chake mukuchidziwa. Pa khoma lathu pakadali mawu amene munalemba ndi dzanja lanu, ndi penti yotsala imene atate anabwera nayo kuchokera kuntchito: PANO TISOKA MADIRESI A UKWATI NDI MAYUNIFOMU. Munayamba ndi zilembo zikuluzikulu, malo n'kukutherani, mpaka MAYUNIFOMU anachita kupinda, kutsetserekera pansi. Atate ankaseka mpaka kutsokomola, inu n'kumati, "Wofuna diresi awerenga, wofuna kuseka adutse." Pochokera kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndimachedwetsa phazi ndikafika pakona kuti ndiziwonere patali zilembozo. Kwa kamphindi ndimakhala ngati ndikumva makina anu osokera akulira pakhonde. Zovala zanu tinagawana, makinawo anatenga ndi azakhali. Chotsala chimene chimandilonjera ndisanatsegule geti ndi khomalo basi.

Masabata atatu pepalalo linakhala pamwamba pa kabati. Anansi anayamba kundipatsa moni akuyang'ana kumbali. Kenaka Lachisanu anabwera bana Mulenga, anzanu a kukwaya aja, ndipo mpando anaukana.

"Tereza, mwana wandi," anatero, "amayi ako anali telala, sanali Papa. Ukuganiza kuti khoma ili adzalitengera ku Roma?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anati mwana wawo Mulenga ali ndi pathupi, ndipo masiku ake agwera mu Januwale, mvula ili pachimake.

"Diresi lake la ukwati anasoka ndi amayi ako," anatero. "Tandiuza, nayenso tidzamunyamule pa mpando?"

Ndikudziwa chimene inu mukanachita: mukanalanda burashi kwa opakawo n'kuwawonetsa kapakidwe kake. Inu simunkasunga kanthu munthu wina akuvutika. Wosunga ndine. Komabe sindibisa, zimandipweteka kuti pamafunika sopo kuti mayi wapathupi afike kuchipatala, komanso kuti dzina la sopoyo likhale pamene panali dzanja lanu.

Ndasaina dzulo. Opaka penti abwera sabata yamawa.

M'mawa uno ndinatenga mapepala a matumba a simenti, onga omwe munkadulirapo mapatani a madiresi, ndinawagwirizitsa pakhoma, n'kutsata chilembo chilichonse ndi choko. Bana Mulenga anandigwirira mbali inayo.

Tsiku lina mukadzafuna kudzatizonda, musadzasokere, chifukwa makoma onse adzakhala ofanana. Mudzawerenge mageti kuchokera pa tchalitchi, lathu ndi lachisanu. Mukadzangolowa, mudzatembenuke. Ndikukulonjezani kuti mvula isanagwe ndikhala nditalemba mawu anu onse mkati mwa khoma, kumene kampani ilibe mawu.

Ndine mwana wanu amene amakukondani ndi kukusowani tsiku lililonse,
Tereza