Ndinabisa dzina pofufuza bambo, amalume andizindikira

Aphungu,

Ndinabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Pamene tinkabwerera kuno ku Mandimba, bambo anga a Celestino anatsalira komweko, ati akolole kaye chimanga. Mpaka lero akukololabe. Mayi anamanga okha nyumba pabwinja, ndipo dzina la bambo pakhomo pathu silitchulidwa.

Ine ndimangofuna kuona nkhope yawo. Ndiye ndinatsegula Fesibuku ina pa dzina loti Rozi wa ku Lúrio, ndipo ndinkalowera pa zenera lobisika lija la pa intaneti, la chizindikiro cha kachipewa ndi magalasi, kuti pasaoneke phazi langa. Lamulungu amalume a Norberto anandiitanira ku baraka yawo yogulitsiramo zinthu n'kundionetsa foni. Amvekere: "Foni ikuti Rozi uyu mwina ndimamudziwa. Nanga chigafa cha fodya chili pachithunzipa sindinamange ndine? Ukawauza wekha mayi ako, kapena ndikawauze?"

Kodi zenerali ndi labodza? Mayi akamvera kwa amalume adzati ndawapereka.

J.C., Mandimba

Mwana wanga J.C.,

Ndiye kuti ine ndinafiira maso ndi mabuku ku yunivesite kuti lero ndiziimirira zenera pamlandu? Wodandaula wake munthu woti walowetsa mutu m'nkhokwe, miyendo ili panja, n'kumati wabisala!

Zeneralo silinakunamize. Ntchito yake ndi yochepa: foni yako siisunga masamba amene watsegula. Basi. Ukangolowa pa Fesibuku wadzitchula wekha. Ndipo ndikubetcha kuti Roziyo unamulembetsa pa nambala yako, yomweyo imene amalume anasunga m'foni mwawo. Nambala inaloza, chigafa chinachitira umboni.

Lero lomwe chotsa chithunzicho. Tseka zoti anthu azikupeza ndi nambala, ndipo usalole Fesibuku kuwerenga manambala a m'foni mwako. Foniyo ikhalenso ndi loko, makamaka ukamaisiya pa tchaji kumsika. Anyamata akakutamandira VPN, dziwa kuti imabisa malo amene ukulowera pa intaneti, osati chigafa cha amalume ako.

Koma kunena zoona, Rozi ameneyu muike m'manda. Bambo wachikulire akalandira uthenga wa mtsikana wachilendo wa ku Lúrio, mwina sayankha, mwinanso ayankha zoti iwe mwana wake udzalakalaka ukanakhala wosadziwa kuwerenga. Funsa pa dzina lako lenileni, kudzera kumpingo ndi kwa amalonda odutsa pa chipata cha Chiponde. Anthu a kumsasa amakumbukirana kuposa makina.

Za mayi usazengereze. Amalume a baraka sasunga nkhani mpaka Loweruka. Pita ukawapeze kumunda ali okha, uwauze kuti: "Mayi, sindikufuna kukubweretserani mwamuna. Ndikufuna ndione kumene ndinatenga mphumi iyi." Akalipa ndithu. Koma mayi amene anadzutsa bwinja ndi manja awiri sangagwe ndi funso la mwana wake. Chimene chingawapweteke ndi kulimvera kwa achimwene awo, makasitomala akumvetsera.

Chenjezo langa ndi ili: pa intaneti abambo ongodzipereka ndi ambiri. Aliyense wodzitcha Celestino usamuuze mudzi, usamutumizire chithunzi. Ayambe iye kutchula mfunda wa mayi ako. Mwamuna akhoza kuiwala njira ya kwawo, koma saiwala mfunda wa mkazi amene anamusiya ndi khanda kumsana.