Umboni Umene Ndinapereka M'tchalitchi

Lachinayi, mwezi wa Juni. Lero kwachita chiperoni tsiku lonse, mpaka mumtima.

Tabwerako ku Blantyre. Khansa ya m'magazi yamubwereranso mwana wanga Esinta. Adokotala akuti mankhwala a kemo, aja anamuthothola tsitsi, paokha sangathenso, pakufunika kuwaphatikiza ndi ena odzera m'diripi, amene amasaka khansayo ndi kuimatirira. Koma amenewo kuno kulibe.

Tikutsika minibasi pa Nkando, tinakumana ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Anasisita tsitsi la Esinta, longomera kumenelo, nati, "Wochira uja ndi ameneyu? Umboni wanu uja unatiliza tonse, mayi."

Ndinangoti, "Ambuye ndi abwino."

Ine ndi Esinta tinayenda mpaka pakhomo. Kenaka anandifunsa, "Amayi, Lamulungu mukaimanso kutsogolo kukawauza, kapena ndikanene ndekha?"