Duwa Lanu Lija la Pakhonde

Amayi, kodi mukupeza bwanji kumeneko?

Ndine Esinati, mwana wanu uja munkamuseka kuti akupita kumishoni kukaphunzira kupalasa papepala ngati nkhuku. Lero kupalasa kuja kwandithandiza. Ndikudziwa kuti inu simunkawerenga, koma kumeneko sikungasowe wina wokuwerengerani. Mumupemphe awerenge mosathamanga, chifukwa nkhani yaikulu ndi ya duwa lanu lija la pakhonde, ndipo sindikudziwa ngati mundiyamikire kapena mundikalipire.

Ndiyambe ndi zapamudzi. Mwezi wathawu ndinachira, mwana wamkazi. Watenga chipumi chanu chenicheni, ndipo akamayamwa amakwinya nkhope monga munkachitira inu poyang'ana kuphiri ngati mvula ikubwera. Davide wakula, mano akutsogolo agweluka, akuyankhula zosamveka koma sasiya. Nandolo chaka chino wabereka bwino. Chimanga ayi, anyani anatithandiza kukolola. Bambo a Davide akugwirabe thangata kwa mzungu, kudzala tiyi, amabwera madzulo manja ali matuza okhaokha. Za mlongo wanga Yohane musandifunse. Chimutengereni asilikali kuti akasenze katundu wa nkhondo ya Ajeremani, sitinamve kanthu. Anzake ena abwerako, nthiti zili pamtunda, ndipo aliyense amangoti anamusiya ali moyo. Ngati wafika kumeneko musandibisire, mundiuze ngakhale kutulo.

Tsopano za duwa.

Ine ndinali wamng'ono pamene tinkawoloka Muloza kuthawa Apwitikizi, koma ndikukumbukira dengu lanu. Anzanu anasenza makasu ndi miphika. Inu pamwamba pa mbewu ya nandolo munaika chipika cha mtengo chokhala ndi timapesi tonga tinzimbe, masamba ali kunsonga. Anthu anakusekani njira yonse kuti kodi zimenezo mukadya? Munangoyankha kuti duwalo linali pamtengo wa pakhomo pa amayi anu, ndipo mtengowo simukanatha kuusenza. Titamanga kuno kufupi ndi Milonde, munalipachika kukhonde lakummawa, m'munsi mwa udzu wa denga, pomwe dzuwa linkalipeza likangotuluka, masana mkuyu waukulu uja n'kuliphimba. Silinaonepo dothi. Mizu ina inkakumbatira chipika, ina inkaloza kumwamba ngati tsache. Kukacha munkayamba kulipatsa moni ilo m'Chilomwe chanu, “Mosheleliwa?” kenako ndiye ife ana anu. Ndinkachita nalo nsanje, Amayi, musaseke. Koma kukayamba kutentha, likamasula maluwa aja achikasu amawangamawanga, ngakhale amene ankakusekani aja ankadzaima pabwalo, manja kumbuyo.

Titameta maliro anu, adzukulu okumba manda anabwera kudzagwetsa nyumba yanu monga mwa mwambo. Anaswa miphika, anatentha mphasa. Amalume a Namaona, mlongo wanu, ananena kuti zonse za malemu zipite ndi nyumba. Ine mtima unakana. Ndinakachotsa duwa lija pakhonde n'kulibisa m'nsalu. Amalume anandiona bwinobwino, koma nthawi yomweyo anayamba kusakasaka fodya wawo pansi, mpaka ine nditakhota kuseri.

Apa ndiye panayambira mavuto. Zaka zonse zija ndinkakuonani mukulisamala, koma ndinkangoona ndi maso, mutu uli kwina. Poopa anthu ndinalibisa m'nyumba mwanga kuseri kwa mbiya, mumdima ndi mu utsi. Masamba anada, anafewa, kenako anayamba kuthothoka limodzilimodzi. Ndinati lili ndi njala. Ndinakatapa dothi lakuda kudimba, ndinalidzala mumphika ngati phwetekere, ndipo ndinkalithirira mmawa ndi madzulo. Podwala paja ndinazolowera kukumwetsani madzi, kukutembenuzani, kukupukutani. Mutapita manja anga anasowa chochita, ndiye chisamaliro chonse chija chinathera pa duwa. Tsiku lina nditasuzumira mumphika ndinamva fungo la chinangwa choviika. Mizu yoyera ija inali itasanduka phala.

Ndinakhala pansi pomwepo, mawu anu n'kundibwerera ngati mwaima kumsana kwanga: “Ili silimwa, mwanawe, limangosamba. Madzi adutse, asagone.” Ndinakumbukiranso kuti nyengo yozizira simunkalithirira n'komwe. Ndikakufunsani munkaloza nkhungu ikutsika kuphiri n'kunena kuti, “Chiperoni chilipo, ine ndivutikirenji?” Mawu onsewa ndinali nawo, koma anadikira kuti mizu iyambe yawola.

Ndinalizula msangamsanga, ndinadula zowola zonse, n'kuliyanika pathandala pamodzi ndi makaka kuti liume. Linali dzuwa la masana, duwa lochokera mumdima. Pobwera kumadzi ndinapeza masamba ali ndi zipsera ngati wina wawadinda ndi chikuni chamoto. Mvula ikakuona litsiro sikata, Amayi. Tsiku limenelo sindinaphike, bambo a Davide anakadya kwa mlongo wawo.

Panatsala timapesi tochepa. Ndinaganiza kuti popeza kwanu linali pamtengo, libwerere pamtengo. Ndinalimangirira ndi luzi paphanda la mbawa ija ya panjira ya kumtsinje, mbali yotulukira dzuwa. Mmawa popita kotunga ndinkayamba ndagwira mizu. Ikakhala yonyowa ndinkangodutsa, dzanja likunyerenyesa. Ikakhala youma ndinkalikhuthulira chikho chimodzi, madzi n'kutsika ndi thunthu mpaka pansi. Kwa nthawi yaitali palibe chinasintha. Amayi anzanga anayamba kunong'onezana kuti Esinati wayamba kuthira nsembe pamtengo. Ine ndinkangodziuza zanu zija zoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiye mmawa wina ndinaona kamuzu katsopano, koyera, nsonga yake yobiriwira, kakukwawa pakhungwa. Ndinatula mtsuko n'kulira, koma kulira kwake kunali kwabwino.

Chimwemwe chija sichinakhalitse. Kapitawo anabwera ndi mawu oti mzungu akufuna tiyi afike mpaka kumtsinje, mitengo yonse igwe. Ogwetsawo anali amuna athu omwe, pa thangata. Masana ena ndinangoona bambo a Davide akulowa pabwalo nthawi isanakwane, atafungata duwa lija ngati mwana wodwala.

“Make Davide,” iwo anatero, “ndakwera ndekha, ndasenda ndi mpeni pang'onopang'ono. Koma mizu yambiri yatsalira pakhungwa. Ngati n'kukalipa ndikalipire ine, nkhwangwa yake inali yanga.”

Ndikanawakalipira bwanji, Amayi? Anali atabwera mozemba, ndipo ankadziwa kuti tsiku limenelo kapitawo saliwerengera. Mkuyu wanu uja unagwanso sabata yomweyo. Mukanabwera lero simukanauzindikira mudzi, uli mbee, phiri likuoneka lonse kuyambira kuphazi. Ndinalipachika pakhonde panga, koma khonde lopanda mtengo pafupi ndi chiwaya. Dzuwa linkalipeza mmawa, masana linkanyezimira pabwalo, mphepo yotentha ili kuwomba. Ndikawaza madzi ankauma ndisanatembenuke. Ndikaonjeza, tsinde linkayamba kuda. Timapesi tija tinakwinyika kamodzikamodzi mpaka kunatsala kamodzi kokha ndi kamphukira kake.

Mitengo ikuluikulu inatsala malo amodzi okha, kumene nkhwangwa ya mzungu yomwe siifika: kumanda, kumene mwagona inuko. Ndinkauyang'ana msitu umenewo ndili pakhomo. Mmawa nkhungu imachedwa kuchoka mmenemo, ndipo dzuwa limalowa mosefeka. Ndinadziwa kalekale kuti duwa likhoza kuchira kumeneko, koma ndinkazengereza, chifukwa ndinkadziwanso chimene ndikanataya.

Mvula itayandikira anamwalira a Nanthiko, anzanu aja munawoloka nawo Muloza. Ndikhulupirira mwaonana kale ndipo akuuzani zonse, paja iwo nkhani sinkawagonera. Mmawa wa tsiku loika ndinapita kwa amalume, ndinagwada.

“Malume, ndikupempha kuti duwa la amayi likakhale kumanda.”

“Duwa liti? Lija linapsa ndi nyumba lija?”

Iwo anaseka pang'ono, kenako nkhope inasintha.

“Iwe Esinati, ukudziwa kuti cholowa mmene muja sichituluka. Ngakhale nkhuni sititola. Ndiponso si munda woti uzikazonda ukafuna, iyayi. Timalowa muja pokhapokha tanyamula munthu.”

“Ndikudziwa, malume.”

“Ukudziwa, nanga misoziyo ndi ya chani?”

“Pano likufa, malume. Kumene kuja likakhala moyo, koma silikhalanso langa.”

Amalume anasisita mawondo. Kenako anati, “Chabwino. Kalipereke kwa mwini wake.”

Titatha kukwirira a Nanthiko, a Muhiwa, mmodzi wa adzukulu okumba manda, anakwera mtengo waukulu umene uli kumutu kwanu. Munthuyo ndi wabwino mtima, moti anakwera ndi dothi m'chikhatho kuti athandize. Ine ndinaiwala kuti tili pamaliro, ndinakuwa, “Iyayi, achimwene, dothi ayi!” Anthu onse anacheuka, nyimbo inaduka pakati. Ndinawalozera phanda la kummawa, pomwe nthambi za pamwamba zimatchinga dzuwa la masana. Anamanga ndi luzi, osathina, anaika timasamba touma pang'ono m'mbali mwa mizu. Ndinawapatsira chikho cha madzi, anakhuthula, madzi anatsika ndi thunthu n'kulowa m'dothi lanu. Potuluka ndinalira mpaka kugwiriziridwa. Anthu anadabwa kuti kodi Esinati ankawakonda chonchi a Nanthiko? Sanadziwe kuti ndinali kukuikani inu kachiwiri.

Kuyambira pamenepo pakhonde panga pali chingwe chokha. Nthawi zina mmawa ndimapezeka ndatenga chikho, ndaima pakhomo, osadziwa kolowera. Mvula ikachuluka ndimada nkhawa kuti madzi agona paphanda. Kukachita ng'amba ndimada nkhawa kuti nkhungu siikukwana. Ndinaliona kamodzi kokha, pa maliro a mwana wa kwa aneba athu akumtunda. Ndinakweza maso mwakuba anthu akuyang'ana m'dzenje, ndipo ndinaona mizu yoyera itagwira khungwa, timapesi tatsopano titaima. Maluwa panalibe. Ndinachita manyazi kuti ndinabwerako kumanda a mwana wa mnzanga mtima uli myaa.

Sabata yathayi kunamwalira mlendo wina wochokera kutsidya kwa Muloza, amene anadzagwira ntchito ya tiyi. Analibe mbale kuno, ndiye anamuika m'manda athu. Ine sindinapite, paja wakhanda salowa kumanda. Madzulo ake a Muhiwa, atasamba kumtsinje, anadzaima pabwalo panga akumwetulira ngati wapha nguluwe.

“Achemwali, chinthu chanu chija chamasula.”

Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa thobwa, n'kuyamba kuwapanikiza ndi mafunso. Chamasula bwanji? Nthambi za maluwa zachuluka? Mawanga ake ndi akuda kapena ofiirira?

“Aa, nanga ine ndinawerenga? Ndinali m'dzenje ndi khasu, achemwali. Ndangoona chikasu chili lendelende pamwamba pa amayi anu, basi.”

“Nanga masamba? Sanapse?”

“Ali biriwiri, onenepa. Chikusangalala chinthu chija.”

“Nanga fungo?”

“Limenelo ndiye linatichingamira tisanafike n'komwe.”

Mwamuna ndi mwamuna, Amayi, zimene anaona ndi zomwezo. Ndinkafuna kuwatsegula m'maso kuti ndione zotsala. Iwo ataona kuti misozi yayamba, anafuna kunditonthoza.

“Musadandaule, achemwali, maluwa aja sayoyoka msanga. Mukachita mwayi mudzawapeza akadali—”

Anaima pomwepo, dzanja pakamwa. Tonse tinamva chimene ananena. Mwana anali pabere. Kuseri kwa nkhokwe kunkamveka amalume akutsokomola chifuwa chimene chawagwira chiyambire chisanu. A Muhiwa anaika chikho pansi thobwa asanamalize, anatsazika chapansipansi n'kumapita.

Ndiye ndi zimenezo, Amayi. Duwa lanu lili moyo, lamasula koyamba chichokereni inu, ndipo lili kufupi moti nditafuula pano mbalame za mumtengomo zikhoza kuuluka. Palibe chimene ndikulakalaka padziko pano kuposa kuliona. Koma kuti ndilione, pafunika wina pamudzi pano agone pamphasa osadzukanso. Choncho mmawa uliwonse ndimayang'ana msitu uja, kenako ndimayang'ana anthu anga mmodzimmodzi, ndipo ndimapempha Mulungu kuti maluwawo ayoyoke onse ine ndisanawaone.

Muwaonere ndi ine yemwe, Amayi. Ndikulonjeza kuti sindidzatuma munthu kukathyolako ngakhale limodzi, ndipo sindidzafulumira kubwera. Ndiyambe ndalera anawa.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani tsiku ndi tsiku,

Esinati