Madzi othowera amayi

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kuno ku Lobi kwazizira, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Kalata ya achimwene a Fabiano yafika kuchokera ku Mangalande, yotsegulidwa kale ku positi monga mwa nthawi zonse. Ndinawalembera za chotupa cha m'bere la amayi, chimene adokotala akuti ndi khansa. Achimwenewo angodzaza masamba awiri ndi za kafukufuku wawo. Akuti maselo a khansa ukawatenthetsa pang'ono amapanga mapuloteni odzitetezera, n'kulimba kuposa kale.

Nanga ine amene ndakhala ndikuwathowa amayi ndi madzi otentha m'mawa uliwonse chiyambire Pasaka? Kodi ndakhala ndikulera matendawo? Ndikati ndifunse, yankho lidzafika mwezi utatha.

Amayi andiitana posachedwapa. "Rozina, mawa madziwo atenthe bwino, mwana wanga. Ndi okhawo amene amandithandiza."

Ndavomera. Nkhuni ndawaza kale, koma…