Wodwala wopanda gadiyani

Lachitatu. Kwatentha koopsa, alendo kulibe pa loji, ndiye masana ine ndi mayi Banda ophika tinaonera filimu yakalekale ya ku Amereka. Dokotala wamtima wapachala amalalatira akuluakulu a boma kuti osauka akufera pakhomo pa chipatala. Ine misozi inalengeza. Mayi Banda maso anali pa wodwala wina amene anagona yekhayekha m'chipatalamo.

"Gadiyani wake ali kuti? Phala amuphikira ndani?"

Ndinawauza kuti kumeneko manesi amachita zonse.

"Bodza! Abale anamuthawa ameneyu, adokotalawo ali pa kampeni."

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Kenako anandifunsa kuti apongozi anga, amene anagonekedwa kuchipatala Lolemba, ndakawaona liti.

Kuseka kunathera pomwepo. Mawa ndilawirira ndi phala. Koma mayi amenewa...