Mapepala Amene Wade Sanasaine

Gulu: Ulendo wa ku Montana ✈️
Anthu 3: Liti, Wade ❤️, Alamu Marcy

LACHIWIRI 9 SEPT

Liti 08:14
a visa ayankha. ndakutumizirani email nonse awiri

Liti 08:14
akuti file yanga yaima kaye. mulibe mapepala a msonkho a mwamuna wanga

Liti 08:15
Wade si unati unatumiza march?

Wade ❤️ 08:41
morning babe. asokoneza okha amenewo usadandaule. tili panyanja ndi alendo 12, netiweki ikuvuta

Liti 08:42
ok ingondiponyera copy ndiwapatsenso

Liti 09:30
Wade?

Alamu Marcy 09:52
ndangoweruka kumene. alamu ndawerenga, sanasokoneze ayi

Alamu Marcy 09:54
lamulo la kuno ndi lomwe lija ndinakuuzani. munthu wa ku America olo akhale kunja ngati mchimwene wangayu ku Fiji kwanuko, chaka chilichonse amayenera kulemba za msonkho. iyeyu zaka 9 sanalembepo. ndipo sangatenge mkazi kubwera naye kuno asanakonze zimenezo

Liti 09:55
eya kma anati munamaliza inuyo ku ofesi yanu ya za msonkho

Alamu Marcy 09:57
ndinayamba february. ndikudikirabe ma statement a ku bank ndi signature yake. ndamukumbutsa ka 6

Alamu Marcy 09:57
ndimaganiza kuti mukudziwa

Liti 10:03
ayi

Liti 10:06
kodi ndi ndalama zambiri? mwina akuopa kundiuza

Alamu Marcy 10:08
mmene ndaonera salipira olo dola imodzi. ndi kungolemba ndi kusaina basi

Liti 10:09
nde chavuta nchani

Liti 12:40
Wade ndikuona kuti wawerenga

Wade ❤️ 15:22
abale inu mwandipangira khoti kkkk. ndinaiwala basi, season inali yotentha. ndikabwera pa 20 tikonza zonse. love u

Liti 15:23
kuiwala ndi kwina. iwe unati UNATUMIZA. unandiuza tili pa basi ya ku Nadi, ndinakupsompsona anthu akuona

Liti 15:40
📞 simunayankhidwe

LACHITATU 10 SEPT

Alamu Marcy 07:31
alamu tisadikire pa 20. zotsatira zanu za kuchipatala zili ndi malire, zikatha mudzayezetsanso. mungapeze ma statement m'nyumbamo? a msonkho akufuna akaunti iliyonse imene dzina lake lilipo, zaka 6 kubwerera mmbuyo

Liti 07:33
ndifufuza. nthawi ndili nayo yambiri masiku ano, lova ine kkk

Liti 07:34
amayi agona bwanj?

Alamu Marcy 07:38
dzulo anavala jasi pa nightdress akuti akukamutenga Wade ku sukulu. ndinawapeza pa msewu. ndatopa alamu, sindinama. ndimangodzilimbitsa mtima kuti december mukhala muli kuno, nesi weniweni m'nyumba

Liti 07:39
limbani pang'ono. tikubwera

Liti 09:12
📷 zithunzi 14

Liti 09:13
zinali m'chikwama cha zosambirira pansi pa bedi. ndangojambula zonse sindinawerenge

Alamu Marcy 09:41
Senikau Charters ndi chani?

Liti 09:42
ndi kumene amagwira ntchito. boti la a Rohit lonyamula alendo

Alamu Marcy 09:44
taonani chithunzi cha 9

Alamu Marcy 09:44
si wantchito. theka la kampaniyo ndi lake. anagula

Liti 09:51
liti

Alamu Marcy 09:52
17 january

Alamu Marcy 09:53
cha 11 ndi mgwirizano ndi hotela ina ku zilumba za Yasawa. zaka 5. palembedwa kuti kaputeni akhale iyeyo, asachoke. wasaina bwinobwino, dzanja likugwira ntchito

Liti 10:20
ndili pa bank

Liti 10:47
mu akaunti yathu ya ulendo mwatsala madola 212

Liti 10:48
zaka 4 ndikuponyamo za ma night duty

Alamu Marcy 10:48
mayo ine

Alamu Marcy 10:49
WADE

Alamu Marcy 10:50
📞 simunayankhidwe

Alamu Marcy 10:52
📞 simunayankhidwe

Liti 11:30
january

Liti 11:30
ine ntchito ndinasiya april

Liti 11:31
kalata yosiyira ntchito unandithandiza kulemba ndiwe. unati ndichotse mawu oti mwina ndidzabweranso, akumveka ngati sindikukhulupirira

Wade ❤️ 16:05
🎤 1:48
"Liti, tamvera kaye, usakwiye usanamve. Eee… ndalama sizinatayike, zili m'boti, zaka ziwiri zibwerera kawiri, Rohit ali ndi mabuku ndikuonetsa. Mwayi unabwera mwadzidzidzi, ndikanachedwa akanatenga wina. Ndimafuna ndikuuze, ndinayesa kangapo, koma iwe unali utagula kale majuzi, ukuonera mavidiyo a chipale chofewa… ndinalephera. Mapepalawo ndikanapereka, Marcy akanaona kampaniyo, ndiye ndimangoti mawa, mawa. Ine ku Montana kuja sindingathe, Liti. Ndinathawako. Kuno ndine kaputeni, anthu amandipatsa moni. Kumene kuja ndikanyamula makatoni m'sitolo. Ndipo amayi… ulendo watha uja anandifunsa kuti ndine mwana wa ndani. Sindingathe kuona zimenezo tsiku ndi tsiku. Sindinafune kukupweteka, ndikulumbira."

Alamu Marcy 16:11
sungathe kuona tsiku ndi tsiku

Alamu Marcy 16:11
ine ndimatha? ndimawasambitsa ndine. amandimenya ndi supuni akuti ndine wakuba

Alamu Marcy 16:12
chipinda cha pansi ndinapenta ndekha ma weekend atatu. ndinakutumizira zithunzi iwe nkuyankha kuti chakongola sisi

Wade ❤️ 16:14
sisi pls iyi ndi nkhani ya ine ndi mkazi wanga

Alamu Marcy 16:15
unandilowetsamo wekha pamene umafuna wokulembera msonkho waulere

Wade ❤️ 16:20
Liti yankhako

Wade ❤️ 16:44
babe

Wade ❤️ 17:30
ndikuona wamvera

LACHINAYI 11 SEPT

Liti 06:50
ndamvera kanayi

Liti 06:52
mukanandiuza kuti Liti ine ku America sindikufuna, ndikanalira sabata imodzi nkudzuka kupita ku ntchito. ine sindinabadwe ndikulota Montana. munayambitsa ndinu, amayi atadwala

Wade 06:58
bwanji ukundiitana kuti inu

Liti 07:01
mwezi wa may anabwera anthu a chipatala cha ku Brisbane kudzafuna manesi. ananditenga. anzanga Salote ndi Vika anapita, ine ndinakana. ndinabwera kunyumba nkukuuzani. mukukumbuka munati chani?

Liti 07:02
munati wachita bwino, Australia ndi pafupi tidzapita kokayenda

Liti 07:02
boti muli nalo kale miyezi inayi

Wade 07:05
ndinalakwa. ndavomera. kma taganiza, kuno nkwanu, abale ako ali kuno, moyo ndi wabwino. tingakhale bwinobwino. ntchito akubwezera, amakukonda

Liti 07:09
malo anga analowa wina june

Liti 07:10
amalume anapha nkhumba ziwiri kutitsanzika. mudzi wonse unabwera. munakhala pa mkeka mwavala nsalu ya sulu, mukulandira chikho cha kava ndi manja awiri, nkuwalonjeza akuluakulu kuti mukandisamala kudziko lozizira. azakhali analira mpaka kukomoka

Liti 07:11
lamulungu ndikawauze chani ku tchalitchi? kuti ndege inaphwa tayala?

Wade 07:12
tidzapita limodzi ndikafotokoza ndine

Liti 07:13
inu kufotokoza

Wade 07:30
alendo adzuka ndiyimba masana

Liti 14:15
masana ake ndi ano

LOWERUKA 13 SEPT

Alamu Marcy 08:20
alamu muli bwanj? mwadya kanthu?

Liti 08:44
ndili kwa achemwali anga ku Ba. ndatenga zovala ndi ma certificate. majuzi ndawasiya pa bedi

Alamu Marcy 08:46
pepani. ndikanakufunsani kale february. ndimangoti ndi ulesi wake uja wa kale

Liti 08:47
si inu. nanunso wakunamizani

Liti 08:49
ndakutumizirani pa email mmene mungawasambitsire amayi osalimbana nawo. muziyamba ndi mapazi, madzi ofunda, muziwayankhulitsa za kale. ndipo loko wa chitseko mumuike mmwamba, odwala otere sayang'ana kumwamba

Alamu Marcy 08:55
mukundiliza pa ntchito ya anthu

Wade 11:02
uli ku Ba?? osandiuza?

Wade 11:03
Liti nyumba ija ndi yathu tonse

Wade 11:40
Rohit akuti mwina angagule gawo langa chaka chamawa. mwina. ndikuyesetsa

Wade 13:15
📞 simunayankhe

LOLEMBA 15 SEPT

Wade 09:05
ndatsika msanga, ndapempha wina agwire boti. ndili ku Lautoka. m'nyumba muli zii

Wade 09:06
sisi tumiza mapepala aja ndisaine

Alamu Marcy 09:31
tsopano awonjezeka, pali ena a kampani yako. ndikutumizira mawa. ndipo ulipira ngati kasitomala wina aliyense

Wade 09:32
ok

Wade 12:10
Liti ndinabwera ku Ba. achemwali ako akuti kulibe. nsapato zako ndaziona pakhomo

Wade 12:11
ndakusiyira nsomba mu cooler

LACHITATU 17 SEPT

Wade 10:18
📷 zithunzi 6

Wade 10:18
ndasaina zonse. zaka zonse. kampaninso ndailemba, palibe chobisika

Wade 10:19
waona Liti? mphindi 10 zokha

Alamu Marcy 10:26
mphindi 10. usanyadire zimenezo iwe

Alamu Marcy 10:40
ndatumiza. alamu, ndikungokuuzani kuti mudziwe, sindikukukakamizani. a visa akalandira izi file yanu iyendanso. kwatsala pepala limodzi, lija mwamuna amalumbira ku boma kuti mkazi akafika kuno adzamusamala ndi iyeyo. akasaina limenelo mudikira tsiku la interview ku Suva

Alamu Marcy 10:41
zoti iyeyo abwera kapena ayi sindikudziwa. kma inu chipinda chilipo, olo mubwere nokha

Wade 10:43
tumiza ndisaina lero lomwe. tipita Liti. mwina osati december kma tipita. ndipatse chaka ndikonze za boti

Wade 10:44
kapena ziwiri, hotela isatisumire

Wade 11:30
Liti

Wade 13:02
ndiyankhe olo ndi mawu amodzi

Liti 15:47
alamu zikomo pa zonse. pepala lolumbiralo ndaliwerenga lonse, masamba ake onse

Liti 15:48
musavutike kumutumizira. ine ndalembera kale a visa kuti atseke file

Wade 15:48
ayi ayi ayi dikira

Wade 15:49
ndati ndisaina

Liti 15:51
ndikudziwa kuti musaina. kulumbira sikunakuvutenipo inu

Wade 15:51
akulemba…

Wade 15:58
akulemba…

Liti watuluka m'gulu